Dongo la ku Lisungwi

Dzenje limene ndimakumbamo dongo analiyamba ndi agogo anga, amayi awo a amayi. Lili kuseri kwa chulu, chapafupi ndi mtsinje wa Lisungwi, ndipo lero ndikalowamo ndimabisika mpaka m'khosi. Dongo labwino sadziwira maso. Ndimalitsina, kulinyowetsa ndi malovu, n'kulipota m'zala. Likaduka msanga ndimalisiya. Kunyumba ndimalinyika masiku awiri, kenako ndimalisinja pamodzi ndi mapale opera kuti mbiya isakang'aluke pamoto.

Agogo ankati pa njala ya 1949 palibe ankafuna mphika, poti chophikamo panalibe. Anasenza mitsuko itatu, ulendo wa kumapiri kwa Dambe kumene nthaka siuma msanga, nakabwerako ndi kadengu ka mbatata. Mwa ana awo asanu ndi awiri anapulumuka anayi. Nkhaniyi ankaikamba manja ali m'dongo, osadzutsa mutu.

Amayi anatilera okha, bambo ali ku migodi ya ku Joni pa Wenela. Bambo anabwerako ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974, Kamuzu ataletsa kulemba anthu a ku migodi. Anatitengera wailesi ndi mabulangete awiri, komanso chifuwa chimene sichinawasiye mpaka tinawaika. Fizi yathu, mchere, ngakhale khadi la chipani limene ankafunsa pakhomo la msika, zonse zinkachokera m'mbiya. Mtengo wake unali wosavuta: wogula adzaze mbiya ndi chimanga, chimangacho n'chathu, mbiya n'njake.

Ine ndinayamba ndili ndi zaka khumi. Umaika chibuma cha dongo pa phale, n'kuboola pakati ndi chibakera, n'kumakoka khoma m'mwamba ukuzungulira wekha chowerama. Kunja umasalaza ndi chitsononkho, m'kati umapala ndi chigoba cha nkhono. Mlomo ndiwo umaulula mmisiri. Amayi ankaugwira ndi kansanza konyowa, akapeza mbali ina yakula ankangoti, “Phwanya, mwanawe, dongo silinathe.” Ndinkalira. Mbiya ikauma pamthunzi timaikulungiza ndi nsangalabwi, ndipo timaotcha madzulo mphepo itagona, pa makungwa ndi nkhuni zouma. M'mawa ndimaigogoda ndi chala: yolira ngwee yapsa, yolira phwa ndi mapale a mawa.

Zaka zimene ndinaumba kwambiri ndi za nkhondo ya ku Mozambique. Cha m'ma 1980 kumapeto, anthu anadzaza misasa ya Luwani ndi Chifunga, azimayi ambiri atathawa ndi mwana kumbuyo basi. Ankalandira ufa, nandolo ndi mafuta, ndiye tinkasinthana ndi miphika. Mayi wina wa ku Tete ankabwera kudzakhala pambali panga, osayankhula, kumangoyang'ana manja anga. Tsiku lina anandilanda dongo naumba mtsuko wa khosi lalitali, lopanikiza, woti madzi satayika ngakhale ukutsika chitunda. Mtendere utabwera mu 1992 anabwerera kwawo. Khosi lija ndimaumbabe, ndipo anthu amaliyesa la kwathu.

Dera lathu la Neno linakhala boma lakelake mu 2003, kuchoka ku Mwanza, koma pofika nthawi imeneyo zigubu ndi mapoto zinali zitatilanda kale msika. Sindizida, chigubu sichisweka mwana akagwa nacho. Komabe kutentha kwa kunsi kuno mu Okutobala, madzi a m'chigubu amakhala ngati owiritsa, ndipo nyemba za m'poto sizifika pa za mumphika. Amene amadziwa zimenezi amandipeza pa Zalewa, pamene msewu wa ku Mwanza umapatukira, ndipo masiku ano ndimaumbanso mbaula zadothi zosatha nkhuni.

Mwana wanga wamkazi anakana dongo, amagulitsa kaunjika. Mdzukulu wanga ali Fomu 2, ndipo ndamuuza kuti sukulu asaisiye. Loweruka lapitali anandipempha yekha chibuma. Mlomo unapendekeka. Ndinamupatsa kansanza ka amayi kaja, ndinamugwira dzanja, tinazungulira limodzi.