Ntchito Yokonzekeretsa Thupi la Wapaulendo

Ntchito ya namwino wa pachipatala cha apaulendo, monga zipatala za ku London kapena ku Johannesburg, imayamba ndi mafunso. Wapaulendo amayenera kufika kutatsala milungu 6 kuti anyamuke, chifukwa akatemera ena amabayidwa kangapo. Namwino amafunsa dera lomwe munthuyo akupita, nyengo yake, kumene azikagona, matenda amene ali nawo kale, mankhwala amene akumwa, komanso ngati ali woyembekezera. Wokakhala kumudzi nthawi ya dzinja amafunika chitetezo chosiyana ndi wopita kumsonkhano mumzinda.

Mayankhowo ndi amene amalozera katemera woyenera. Mayiko ena salola munthu kulowa popanda chiphaso chachikasu cha katemera wa yellow fever. Chiphasochi chimayamba kugwira ntchito pakapita masiku 10, ndipo kuyambira mu 2016 malamulo a bungwe la WHO amachivomereza kwa moyo wonse. Opita ku Hajj ku Saudi Arabia amafunika katemera wa matenda oumitsa khosi. Ena amabayidwa wa taifodi, wa hepatitis A ndi wa chiwewe.

Nkhani yaikulu ndi malungo. Mankhwala a atovaquone-proguanil amayambidwa kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, n'kupitirizidwa masiku 7 munthu atachoka kuderalo. Doxycycline amapitirizidwa milungu 4, koma saperekedwa kwa amayi oyembekezera ndi ana aang'ono. Mefloquine ndi woletsedwa kwa odwala khunyu kapena matenda a maganizo. Namwino amatsindikanso za neti yonyikidwa m'mankhwala ndi mafuta odzola okhala ndi DEET.

Amene amafuna chidwi chapadera ndi obwerera kwawo kukaona abale, monga Amalawi okhala ku Britain. Ambiri amati, "Malungo tinakula nawo," osadziwa kuti chitetezo chimene thupi linapeza paubwana chimazirala munthu akakhalitsa kunja, ndipo ana obadwira kunjako alibiretu.

Uphungu umakhudzanso madzi ndi chakudya: kumwa madzi owiritsa kapena am'botolo lomata, kudya chakudya chidakali chotentha, ndi kunyamula mapaketi a ORS. Wokasambira m'nyanja ya Malawi amauzidwa za likodzo, kuti akayezetse akabwerako. Pomaliza, wapaulendo amalangizidwa kuti akatentha thupi, ngakhale patapita miyezi chibwerereni, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, atchule kumene anali, ndi kuyezetsa magazi.