Galu wodziwa Chipwitikizi

Abale anga a m'mbali mwa nyanja, ambiri mwa inu mumangondidziwa mawu pa wailesi, ndikamawerenga mauthenga a maliro kapena kupereka moni kwa asodzi. Lero ndati ndikukambireni za galu amene adandichititsa manyazi kumudzi kwathu, kenaka n'kundiphunzitsa chinthu chimene kusekondale sindidachimve.

M'chaka cha 2019 ndidapeza ganyu yomasulira mawu kwa mayi wina wa ku Portugal amene ankagwira ntchito ya zaumoyo kuno ku Metangula. Mayiyu adali ndi galu wamkazi wofiirira, wamfupi, waubweya wambiri, wa makutu aatali olendewera ngati masamba a fodya. Dzina lake adali Pipoca, ndipo mtundu wake azungu amautcha cocker spaniel. Nthawi yobwerera kwawo itakwana, mayi uja adaona kuti mapepala ndi ndalama zokwezera galu ndege zamuchulukira, choncho adandipempha kuti ndimusunge. Adandisiyira khadi la katemera, chipeso ndi mawu atatu: senta, kumuuza kuti akhale, vem, kumuitana, ndi busca, kumutuma kuti akafune chinthu.

Loweruka lotsatira ndidakwera naye chapa kupita kwa amalume kufupi ndi Messumba, chifukwa nyumba imene ndinkachita lendi idalibe mpanda. Titafika, mudzi wonse udasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Ndikati senta, Pipoca uyo wakhala. Ndikati vem, uyo wathamangira pamapazi anga. Ndidavula chipewa n'kuchiponya m'nyanja, iye adalumphira m'madzi, nasambira, nabwera nacho. Ana adakuwa, amayi adagwira pakamwa. Agogo ena adati: "Galu ameneyu akumva Chipwitikizi kuposa ine amene ndidakhoma msonkho kwa Apwitikizi!"

Ine pamenepo mutu udakula. Pafupi ndi nkhokwe padagona galu wa amalume, Mulekeni, nthiti zili pamtunda, khutu limodzi long'ambika ndi nyani. Ndidamuloza n'kunena kuti: "Amalume, galu ndi uyu ndabwera nayeyu. Wanuyo ngakhale mumuitane kakhumi, amangokuyang'anani." Amalume sadakwiye. Adapitiriza kusoka ukonde wawo, nati: "Tiona, mphwanga. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Nyerere sizidachedwe kutuluka. Mwezi wa June, amalume adayamba kugona kumunda pamodzi ndi Mulekeni, popeza nguluwe zinkakumba chinangwa usiku. Pakhomo padatsala azakhali, ana ndi Pipoca, ndipo pathandala padali usipa umene udali utauma kale, wongodikira ogula a ku Lichinga. Kutacha, madebe atatu a usipa palibe. Palibe amene adamva galu akuuwa. Titalondola mapazi pamchenga tidaona mapazi a munthu, ndipo pambali pake timapazi ta Pipoca, mpaka kumsewu, kenaka timapazi tokha tikubwerera. Galu wanga wanzeru uja adamuperekeza wakuba monga timaperekezera mlendo wolemekezeka.

Amalume adangoti: "Galu wako sukulu adaphunzira, koma wakuba samudziwa." Ndidabweza ndalama ya usipa ija ndi malipiro anga a mwezi umenewo.

Sipadapite milungu iwiri, kudabuka mlandu wina. Pipoca adayamba kutola tiana ta abakha a pakhomo loyandikana nalo, kamodzikamodzi, n'kumadzatitula pakhonde pathu, mchira uli gwedegwede ngati wachita chinthu choyenera mphoto. Chodabwitsa n'chakuti sankatiluma, tonse tinkafika tamoyo, tonyowa ndi malovu okha. Koma tiwiri tidafa ndi mantha, ndipo mwini abakha adakadandaula kwa amfumu. Ndidalipiranso. Kuwonjezera apo makutu aatali aja adayamba kununkha ndi kutuluka mafinya chifukwa chosambira tsiku ndi tsiku, nkhupakupa zidadzaza m'ubweya, ndipo mankhwala ake ndinkakagula ku Lichinga, ulendo wa makilomita oposa 100. Anthu omwe aja adaomba m'manja tsiku loyamba adayamba kumutcha chitsiru cha mzungu.

Usiku wina ndili kuntchito, nyimbo ikulira, ndidadzifunsa kuti kodi galu mmodzi yemweyo angakhale bwanji wanzeru mu May n'kukhala chitsiru mu July? Ndidayamba kuwerenga za mtundu wake pa foni, ndipo zimene ndidapeza ndi izi.

Agalu a mtundu umenewu adawetedwa ku Britain kuti azithandiza alenje a mbalame. Dzina lakuti cocker lidachokera ku mbalame ina ya m'nkhalango za kumeneko yotchedwa woodcock. Ntchito ya galuyu ndi kulowa m'zitsamba, kununkhiza, kuvumbulutsa mbalame, kudikira mbuye wake awombere, kenaka kukaitola n'kubwera nayo osaitafuna. Kwa mibadwo yambiri eni ake ankasankha agalu a m'kamwa mofewa, okonda anthu, osachita ndewu ndi alendo, chifukwa kuuzimba wa azungu kumasonkhana anthu ambiri osadziwana. Tsono pamene Pipoca ankatola tiana ta abakha, ankagwira ntchito ya makolo ake, ndipo ankaigwira bwino. Pamene adaperekeza wakuba, adachitanso chimene mtundu wake udawetedwera. Wolakwa ndidali ine amene ndidapatsa mlenje wa mbalame ntchito ya ulonda.

Nanga mbiri yakuti ndi agalu anzeru idachokera kuti? Mu 1994 mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya British Columbia ku Canada, Stanley Coren, adatulutsa buku lotchedwa The Intelligence of Dogs. Iye adafunsa anthu pafupifupi 200 oweruza mipikisano ya kumvera kwa agalu ku America ndi ku Canada, ndipo adandandalika mitundu ya agalu pa malo 79. Pamwamba padali border collie, galu wobusa nkhosa. Cocker wa ku England adaikidwa pa nambala 18, m'gulu la agalu amene amagwira lamulo latsopano akauzidwa ka 5 kufikira ka 15, ndipo pa maulendo 100 amamvera nthawi yomweyo maulendo 85 kapena kuposapo.

Chimene chidandiimitsa mutu chili kumunsi kwa mndandandawo. Pa nambala 78, wachiwiri kuchokera kumapeto, pali basenji, galu wosaka wa ku Congo, wa makutu oimirira ndi mchira wopindika, amene mukamuona mungati ndi mbale wake wa Mulekeni. Galu amene wakhala akudyetsa mabanja nyama m'nkhalango za ku Congo, pa mayeso amenewa adatsala pang'ono kukhoma mchira. Koma Coren mwini wake adafotokoza kuti nzeru za galu zili patatu: zobadwa nazo za ntchito ya mtundu wake, zodzipezera yekha njira akakumana ndi vuto, ndi zomvera munthu. Mndandanda wotchukawo udayeza zachitatuzo zokha.

Kale ndithu izi zisadachitike, akatswiri awiri, John Paul Scott ndi John Fuller, adatha zaka 13 akulera ndi kuyesa agalu a mitundu isanu ku Bar Harbor m'dziko la America, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 1965. Mwa mitundu isanuyo mudali cocker ndi basenji. Pa mayeso ofuna kukhala phee munthu akalamula, cocker ndiye ankapambana. Pa mayeso ofuna kuti galu akoke chinthu ndi mapazi kapena pakamwa kuti apeze chakudya, basenji ankachita bwino zedi. Padalibe mtundu umene udapambana pa zonse. Adapezanso kuti nthawi yofunika koposa pa moyo wa galu ndi kuyambira milungu 3 kufikira milungu 12 chibadwire: kagalu kakazolowera manja a anthu pa nthawi imeneyi, kamakula kokhulupirira anthu, koma kakangolandira miyala ndi zikuni zamoto, kamakula kamantha kapena kolusa. Makolo athu adanena kale kuti m'mera mpoyamba.

Nditawerenga zimenezi ndidakumbuka achimwene anga aakulu. Iwo adalekera sukulu kalasi yachinayi chifukwa Chipwitikizi chinkawakanika, ndipo m'kalasi ankatchedwa bulu. Ine ndinkabwereza bwino chilichonse chimene aphunzitsi anena, ndiye ndinkatchedwa wanzeru. Lero achimwenewo amayendetsa boti pakati pa Cobue ndi Likoma. Akayang'ana mitambo ndi mtundu wa madzi amadziwa kuti mwera ufika nthawi yanji, ndipo injini ikazima pakati pa nyanja amaimasula okha. Ine mutandiika m'boti lomwelo, Chipwitikizi changa sichingapulumutse munthu ngakhale mmodzi. Ndidachita manyazi pozindikira kuti mawu amene ndidanyozera Mulekeni pamaso pa amalume ndi omwe aja ankanyozera achimwene.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho, galu wa pakhomo lina amene adakwerana ndi Mulekeni adaswa, ndipo ndidapemphako kagalu kamodzi. Ndidakatcha Tiyese. Ndidakalera monga mayi wa ku Portugal uja adandionetsera, koma m'Chinyanja chathu. Ndinkang'amba usipa tizidutswa ting'onoting'ono n'kuika m'thumba. Ndikati "khala", kakangogunditsa matako pansi, pompo kachidutswa m'kamwa. Ndikati "bwera", kakafika, kachidutswa kena. Phunziro lililonse linkatenga mphindi zisanu zokha, m'mawa ndi madzulo, ndipo masiku amene ndili kuntchito ankapitiriza ndi mwana wa amalume. Lamulo lidali limodzi: ndodo ayi, mwala ayi. Galu amene wamenyedwa atabwera poitanidwa amaphunzira kuti kubwera n'koopsa, ndiye mawa sabweranso, ife n'kumati ndi wosamva.

Ndinene zoona, Tiyese sadafulumire ngati Pipoca. Chimene Pipoca ankagwira tsiku limodzi, iye chinkamutengera mlungu, ndipo akamva fungo la gologolo sukulu inkathera pomwepo. Kutola chinthu n'kubwera nacho adakaniratu mpaka lero. Ukaponya chipewa amakuyang'ana ngati akufunsa kuti wachitayiranji. Koma pofika miyezi isanu ndi umodzi ankakhala, ankabwera, ankasiya nkhuku akauzidwa kuti "leka", ndipo usiku munthu wachilendo sankayandikira thandala. Zakuuwazo palibe adamuphunzitsa.

Naye Pipoca tsiku lake lidafika. Mu 2021 amalume adagulitsa utaka n'kumanga ndalama zonse m'kathumba kansalu, ndipo pobwera kudzera njira ya kudambo kathumbako kadagwa. Adafuna mpaka dzuwa kupendeka, osakapeza, udzu utalika kufika m'chiuno. Zidangochitika kuti tsikulo ndidali kumudzi. Ndidatenga mpango umene amalume amapukutira thukuta, ndidamununkhitsa Pipoca, n'kunena kuti busca. Adalowa mu udzu mphuno ili pansi, uku ndi uku, ife tikungoona udzu ukugwedezeka. Patapita kanthawi adatulukira kathumba kali kukamwa. Amalume adawerenga ndalama zawo kawiri, kenaka adayang'ana galu uja nthawi yaitali, nati: "Mphwanga, mphuno ali nayo." Madzulo ake adamupatsa mutu wa kampango ndi dzanja lawo.

Mphuno imeneyi ndiyo imachititsa kuti ku Britain apolisi azigwiritsa ntchito agalu a mtundu wa spaniel pofufuza mankhwala ozunguza bongo ndi mabomba. Mu 2018 akatswiri a pa yunivesite ya Durham adalengezanso kuti agalu awiri ophunzitsidwa adatha kuzindikira malungo ponunkhiza sokosi zimene ana a sukulu a ku Gambia adagona atavala: pa ana 10 alionse amene adali ndi tizilombo ta malungo, agaluwo adalozapo 7. Galu wachitatu amene adaphunzitsidwa ntchito yomweyo pambuyo pake adali springer spaniel, msuweni wake wa cocker.

Masiku ano ndimamva anyamata ena amene apeza ndalama za nsomba akunena kuti akagula galu wachizungu m'tauni, ati chifukwa athuwa ndi mbuli. Musadatulutse ndalama, dzifunseni kuti mukufuna galu wa ntchito yanji. Ngati ndi wolondera ukonde ndi usipa, kapena wopirikitsa anyani kumunda, cocker adzakuliritsani monga adandilizira ine, ndipo makutu ake adzakudyerani ndalama. Galu woyenera ntchito imeneyo ali kale kuseri kwa nyumba yanu, akudya nkhoko. Mpatseni chakudya chokwanira, letsani ana kumugenda, muphunzitseni akadali mwana, ndipo alangizi a ziweto akalengeza katemera wa chiwewe, mutengereni. Pipoca adabwera ndi khadi la katemera, Mulekeni adakalamba osalawako jakisoni, koma ana athu ankasewera ndi onse awiri.

Pipoca adafa mu 2023, nthawi ya mvula, atadwala masiku anayi. Ine ndidali ku Metangula, ndipo uthenga udandipeza ndikutuluka mu studio. Nditafika kumudzi ndidapeza amalume atamukwirira kale pansi pa mtengo wa mango uja, pafupi ndi pamene adakwirira Mulekeni chaka cham'mbuyo mwake. Ndidawafunsa chifukwa chake adadzivutitsa kukumba dzenje lakuya chotero, pamene kwathu galu akafa timangokamutaya kutchire. Adandiyankha kuti: "Aliyense wa awiriwa adagwira ntchito yake pakhomo pano." Adatenga ukonde wawo, naitana Tiyese m'Chinyanja, ndipo galuyo adanyamuka n'kuwatsata kunyanja.