Ulendo wa pa Jipi m'Mapiri a Mphesa a ku Madeira

Cisumbu ca Madeira ndi phiri lalikulu lomwe linatumphuka pakati pa nyanja ya Atlantic, pafupi-fupi makilomita 1,000 kum'mwera cakumadzulo kwa mzinda wa Lisbon. M'litali mwake ndi makilomita 57, m'lifupi 22 cabe, koma nsonga yake yochedwa Pico Ruivo inakwera mamita 1,862 kucokera pa madzi. Malo athyathyathya ndi osowa kotero kuti mbali ina ya bwalo la ndege anaimanga pa mizati ya konkire m'mphepete mwa nyanja. Amalinyero a Cipwitikizi, motsogozedwa ndi João Gonçalves Zarco, anafika kumeneko m'caka ca 1419 napeza cisumbu copanda munthu, nkhalango yokha-yokha, ndipo anacipatsa dzina limene m'cinenero cao litanthauza matabwa. Mpaka lero ndi dziko la Portugal.

Alendo ambiri ofika ku Funchal, likulu la cisumbuci, amagula ulendo wa theka la tsiku pa galimoto ya jipi ya denga lotsegula, yonyamula anthu 6 kapena 8. Woyendetsa ndiye yemwenso amafotokoza za malo. Mapepala oitanira alendo amalonjeza njira zafumbi za m'mapiri ndi kulawa vinyo wochuka wa kumeneko. Ndinakwera umodzi wa maulendo amenewa m'mwezi wa September, nyengo yokolola mphesa, ndipo ndinene msanga, awerengi okondedwa, kuti ndalama yake siipita pacabe. Koma cimene cili ndi phindu pa ulendowu si cimene amalonda amaika patsogolo ai.

Tinayamba ndi mudzi wa asodzi wa Câmara de Lobos, kumadzulo pang'ono kwa Funchal. Pali doko laling'ono la mabwato opaka utoto, ndiponso malo amene Winston Churchill anakhala pojambula cithunzi ca dokolo m'caka ca 1950. Tinaima mphindi zocepa, ndipo zinali zokwanira.

Kucoka apo jipi inakwera kupita ku Cabo Girão, phompho la mamita 580 loyang'ana kunyanja. M'caka ca 2012 anamangapo khonde la pansi pagalasi, mwakuti munthu amaima ngati ali m'malere. Alendo ambiri amathera nthawi yao kujambula mapazi ao pa galasilo. Koma mukayang'anitsitsa pansi peni-peni, pakati pa tsinde la phompho ndi mafunde, mudzaona timinda tobiriwira tolimidwa bwino-bwino. Kwa zaka zambiri eni ake ankafikako pa bwato cabe, kufikira pamene anawamangira kangolo koyenda pa cingwe. Munthu amene wafika polima pansi pa phompho lotere ndiye kuti kumtunda nthaka inamucepera ndithu, ndipo ulendo wonse wotsalawo umangofotokoza mfundo imeneyi.

Msewu wopita ku Estreito de Câmara de Lobos, kumene kuli minda yambiri ya mphesa, ndi wopapatiza ndi wokhota-khota, wokwera kotero kuti msana umamatirira ku mpando. Apa ndi pamene jipi imaposa basi, pakuti imalowa m'tinjira ta pakati pa nyumba ndi minda, momwe munthu atatambasula dzanja angathe kuthyola tsamba la mpesa. Phiri lonse analisema masitepe. Sitepe iriyonse ndi kamunda, kochedwa poio, kochingidwa ndi cipupa ca miyala yakuda yosanjikizidwa ndi manja popanda simenti. M'malo ena dothi leni-lenilo analisenza m'madengu kucokera kwina. Timinda tina ndi tating'ono kuposa bwalo la nyumba. Mipesa amaiyanzika pa thandala lalitali ngati msinkhu wa munthu, lochedwa latada, kuti mphepo izipita pansi ndipo cinyezi cisaoletse zipatso; pansi pa thandalalo amabzala kabici, nyemba ndi mbatata, cifukwa palibe amene angalole nthaka yovuta cotere kubala mbeu imodzi yokha.

Thirakita singalowe m'malo otere, ngakhale ngolo ya ng'ombe. Zonse ndi khasu, cikwakwa ndi phewa. Tinaona bambo wina wacikulire akutsika masitepe amiyala atasenza bokosi la mphesa zakuda, akuponda mosamala, osaceukira ngakhale phokoso la galimoto yathu. Kale madzi a mphesa zopondedwa ankawanyamula m'matumba a cikopa ca mbuzi kucokera kumapiri mpaka ku Funchal, ndipo amuna ogwira nchito imeneyo ankachedwa borracheiros. Matumbawo anatha, koma masitepe ndi omwe aja. Alimi ambiri sapanga okha vinyo wochukayo: amagulitsa mphesa zao ku makampani owerengeka amene amaphika, kusunga ndi kutumiza kunja. Ndipo pakati pa minda yosamalidwa muli ina yomera thengo, zipupa zitayamba kugumuka. Anthu a ku Madeira anasamuka ambiri m'zaka za m'ma 1900, makamaka kupita ku Venezuela ndi ku South Africa. Amene munagulapo ndiwo zamasamba m'sitolo ya Mpwitikizi ku Johannesburg, n'kutheka kuti munagula kwa mwana kapena mdzukulu wa mwini kamunda kotere.

Ndinapempha woyendetsa kuti aime pa ngalande ya madzi imene tinaidutsa, ndipo anavomera mokondwa ngakhale kuti sizinali pa ndondomeko. Mukadzakwera ulendowu, inunso mudzapemphe. Ngalande zimenezi amazicha levadas, ndipo popanda izo kum'mwera kwa Madeira sikukadakhala munda. Mvula yambiri imagwa kumpoto ndi pamwamba pa mapiri, pamene anthu ambiri ndi dzuwa labwino zili kum'mwera. Tsono kuyambira m'zaka za m'ma 1400 anthu anayamba kusema tingalande m'mbali mwa mapiri, totsetsereka pang'ono-pang'ono kuti madzi aziyenda okha mosathamanga, kwina kuboola thanthwe, kwina kudutsa pa phompho pamene wosemayo ankagwira nchito atamangidwa cingwe m'ciuno. Zonse pamodzi zimapitirira makilomita 2,000. Imene tinaimapo, Levada do Norte, ndi yopapatiza yoti mwana angailumphe, madzi ake ozizira ndi oyera mbee, ndipo m'mbali mwake muli kanjira ka munthu mmodzi. Madziwo sangotungidwa mwacisawawa. Mlimi aliyense ali ndi maola ake, ndipo pali wanchito wochedwa levadeiro amene amatsegula ndi kutseka tizitseko kuti aliyense alandire gawo lake, ngakhale nthawi yace itagwera pakati pa usiku.

Pali cinthu cimodzi cimene wotifotokozerayo sanachule, ngakhale anali munthu wodziwa zambiri ndi wansangala. Mphesa zisanachuke, cuma ca Madeira cinali nzimbe, ndipo ngalande zoyambirira anazikumbira nzimbezo ndi zigayo zake. M'minda ya nzimbe ya m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500 munagwira akapolo otengedwa ku zisumbu za Canary, kumpoto kwa Africa ndi ku gombe la kumadzulo kwa Africa. Njira yolimira shuga ndi akapolo imene inayesedwa kuno ndi imene pambuyo pake inaoloka nyanja kupita ku Brazil. Nkhani yotere siigulitsa matikiti, koma mlendo wocokera ku Africa ayenera kuidziwa poyang'ana mapiri okongolawa.

Kupitirira Jardim da Serra phula linatha, ndipo tinalowa mu cimene amalonda amacitama kwambiri. Jipi inalumpha m'maenje ndi m'mizu, woyendetsa anatiuza kuti tiimirire tigwire zitsulo za denga, anzanga a ku Ulaya anakuwa ndi cimwemwe. Kwa ine, amene msewu wamaenje sindiuyesa cosangalatsa, gawo limeneli linali lalifupi ndiponso losafunika kweni-kweni. Nkhalango imene tinadutsamo ndi ya bulugamu ndi paini, mitengo yobwera, osati nkhalango yakale ya Laurisilva imene bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse m'caka ca 1999. Imeneyo ili makamaka kumpoto, ndipo ulendo wa theka la tsikuwu sufikako. Bulugamu amayaka msanga. Mu August 2024 moto unayaka kwa masiku oposa 7 m'mapiri a pakati pa cisumbuci, nufika mpaka kumitunda ya dera lomweli.

Koma njira yafumbiyo inatifikitsa pa Boca dos Namorados, ndipo apo ndinaikhululukira. Munthu amaima pa mpata wa phiri, pansi pake patali zedi pali mudzi woyera wozingidwa ndi mapiri mbali zonse ngati uli m'kati mwa mtondo. Umenewu ndi Curral das Freiras, kutanthauza khola la asisitere. Malowo anali a nyumba ya asisitere a Santa Clara ya ku Funchal, amene ankawetako ziweto. M'caka ca 1566 acifwamba a panyanja a ku France anaukira Funchal nafunkha mzindawo kwa masiku ambiri, ndipo asisitere anathawira m'cigwa cimeneci cifukwa sicioneka kucokera kunyanja. Msewu wa galimoto unafikako m'caka ca 1959. Kufikira pamenepo zonse zinkalowa ndi kutuluka pamutu ndi paphewa. Tinali ndi mwai kuti kunali kowala, pakuti nkhungu ikakwera sipaoneka kanthu. N'cifukwa cake ulendo wa m'mawa uposa wa masana.

Kulawa vinyo kunabwera pothera, m'nyumba ina yosungiramo migolo, ndipo apa ndi pamene ulendowu umacepa mphamvu. Tinapatsidwa tikapu tiwiri tating'ono, kena kowawasa kena kotsekemera, tili ciimire pakati pa magulu ena a alendo, ndipo tisanamalize n'komwe tinali kale pa mashelefu a mabotolo ogulitsa. Vinyo ameneyu sayenera liwiro lotere, cifukwa mbiri yake yonse ndi ya kudikira. Liwu lathu lomwe lakuti vinyo tinalitenga kwa Apwitikizi, amene amati vinho. Koma wa ku Madeira ndi wosiyana ndi vinyo wina aliyense pa cifukwa cimodzi codabwitsa: amamutenthetsa dala. Kale zombo zopita ku India ndi ku America zinkaima ku Funchal kutenga migolo. Amalonda anazindikira kuti vinyo amene wayenda miyezi m'cipinda cotentha ca combo, kudutsa m'maiko a dzuwa, amabwerako wokoma kuposa mmene anapitira. Kutentha ndi mpweya, zimene zimaononga vinyo wina, uyu zimamukonza. Popeza kutumiza migolo pa ulendo kunali kodula, anayamba kutsanzira kutenthako ali pamtunda.

Lero njira zake ndi ziwiri. Vinyo woculuka amamuika m'matanki namutenthetsa pa madigiri 45 mpaka 50 kwa miyezi yosacepera 3. Imeneyi ndi estufagem. Wapamwamba amamusiya m'migolo yamatabwa m'zipinda za pansi pa denga, momwe dzuwa lokha limamuotha caka ndi caka. Imeneyi ndi canteiro. Asanatero amathiramo kacasu wa mphesa kuti kuwira kuime, ndipo nthawi imene athirira ndiyo imaweruza kutsekemera kwake. Maina anai a mphesa zoyera amene mudzaona pa mabotolo amakuuzani kakomedwe: Sercial ndi wowawasa, Verdelho wowawasa pang'ono, Boal wotsekemera pang'ono, Malvasia wotsekemera kwambiri. Koma gawo lalikulu la vinyo wa cisumbuci limacokera ku mphesa yakuda yochedwa Tinta Negra, imene inafala pambuyo pakuti matenda a cinoni m'zaka za m'ma 1850 ndi kacilombo ka phylloxera m'caka ca 1872 zinapululutsa minda yakale. Ndi yomwe bambo uja anasenza, ndiponso ndi yomwe kawiri-kawiri imakhala m'tikapu taulere ta alendo, ili ndi zaka 3 cabe. Siyoipa ai: imamveka ngati shuga wopsereza ndi mtedza wokazinga, ndi kuwawasa kumene kumatsuka m'kamwa. Koma wa zaka 10 ndi nkhani ina, ndipo wochedwa frasqueira amakhala m'mgolo zaka zosacepera 20. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi 15 za pa ulendo wa jipi sizingakuonetseni zimenezi.

Cenjezo ndi lakuti vinyoyu ali ndi ukali wa pafupi-fupi 19 peresenti, ndipo kutsekemera kwake kumanamiza. Eni ake amamwa kakapu kamodzi, asanadye kapena atadya, nthawi zambiri ndi bolo de mel, keke yakuda ya uci wa nzimbe. Woyendetsa wathu sanalaweko ngakhale dontho, ndipo pa misewu yotere ndi cinthu coyenera kucionetsetsa. Musapite ndi m'mimba mopanda kanthu. Cakudya ca kumeneko sicidzakudabwitsani kwambiri: pambali pa nyama yooca pa kamtengo, yochedwa espetada, amaika milho frito, imene ndi nsima ya cimanga yosakaniza ndi masamba, yoziziritsidwa, yodulidwa timabenthu ndi kukazingidwa m'mafuta.

Ulendowu suyenera munthu wodwala msana, mai woyembekezera kapena woopa malo okwera, ndipo jekete ndi lofunika ngakhale ku Funchal kutaca kotentha. Wofuna kumvetsa vinyo adzipatse tsiku lina apite ku imodzi ya nyumba zakale za vinyo mu Funchal, monga ya Blandy's, kampani yoyamba m'caka ca 1811, imene migolo yake ili m'nyumba zomwe mbali ina inali ya amonke a Francisko Woyera. Kumeneko amakukwezani m'zipinda za pansi pa denga kuti mumve nokha kutentha ndi fungo la migolo. Botolo limene mungagule silivuta kusunga: popeza linaphikidwa kale ndi kukumana ndi mpweya, likatsegulidwa limakhala miyezi yambiri osasasa, malinga muliimike ndi kulitseka bwino.