Kabotolo komwe kanatiyambanitsa

Patchuthi cha Khirisimasi msuweni wanga anabwera kuchokera ku Johannesburg ndi kathumba ka madayisi komanso buku lonenepa la Chingerezi. Masewero ake ndi Dungeons & Dragons, omwe anayamba ku America mu 1974. Mmodzi amafotokoza nthano ndi kugamula milandu, amamutcha Dungeon Master. Enanu aliyense amakhala ndi munthu wake m'nthanomo, ndipo ukafuna kuchita chovuta umaponya dayisi ya mbali 20.

Ine ndinasankha kukhala wamatsenga. Agogo atamva mawu amenewa pakhonde anatiyang'ana nthawi yaitali, mpaka tinawaonetsa kuti zonse ndi pepala ndi pensulo basi. Matsenga akenso ndi owerengeka. Akatha, munthu wako ayenera kupuma maola 8 kuti abwerere.

Tsiku lachitatu zinavuta. Chilombo chinandipanikiza, mapointi a moyo atatsala 3. M'chikwama ndinali ndi kabotolo ka mankhwala ochiritsa. Ndinati ndimwa, kenako ndiponya matsenga nthawi yomweyo. Msuweni anakana. Buku lake, la 2014, limati kumwa mankhwala kumadya chochita chako chachikulu. Usankhe chimodzi.

Mnzanga wina anatulutsa foni. “Aise, malamulo atsopano a 2024 akuti kumwa ndi kachochita kakang'ono kongowonjezera. Eni ake anasintha okha!”

“Tikusewera ndi buku lomwe lili pamphasa pano,” anatero msuweni.

Apa ndiye ndinapsa mtima. Bukulo limati kuzungulira kumodzi kwa nkhondo ndi masekondi 6. Ndinathira thobwa m'kapu, mnzanga akuwerenga pafoni, ndipo ndinagugudiza m'masekondi 4, ndikutsamwa. Msuweni anafunsa ngati ndawerengera kupisa m'chikwama ndi kutsegula chivindikiro chilombo chili pakhosi. Ndinalibe yankho, choncho ndinangokweza mawu. Ndinamuuza kuti akufuna ndife chifukwa madayisi ndi ake. Zimenezo sizinali zoona, ndipo ndinkadziwa.

Anangoti, “Chabwino, imwa.” Ndinamwa, ndinaponya, chilombo chinagwa. Palibe anasekerera. Iye anatolera madayisi mwakachetechete, ndipo mawa lake anati mutu ukumupweteka. Nthano yomwe anakonza kwa milungu iwiri inathera pomwepo. Mpaka lero sindidziwa chomwe chinali kuseri kwa chitseko chomwe chilombocho chinkalondera.

Pobwerera mu Januwale anandisiyira kathumba kaja ndi buku lomwe, osanena zambiri. Ndiye pano wogamula ndine. Sabata yatha mtsikana wina wa Fomu 2 anandifunsa ngati angamwe mankhwala n'kumenyanso nthawi imodzi. Ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu a msuweni ndendende.

Ofuna kusewera tipezane Lachisanu tikaweruka, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa Fomu 3. Bwerani ndi pensulo. Za kabotolo ndaneneratu: tikutsata buku la 2014, ndipo thobwa musabwere nalo.