Kagetsi ka 4WD kanandinamiza

Ndimakhala ku Machinjiri, cha kumtunda kumene phula limathera. Chilimwe msewu wathu ndi fumbi chabe, koma mvula ikangoyamba mu Disembala umasanduka phala. Akazi anga atandiuza kuti ndi oyembekezera, ndinawerenga miyezi pa zala n'kupeza kuti mwana adzabwera mu Januwale, dzinja lili pachimake. Pomwepo ndinaganiza zogula kagalimoto kokwera, koyenda ndi mawilo onse anayi.

Ndalama za chilimba cha kuntchito ndinaphatikiza ndi ngongole ya ku banki m'khonde ya mayi a kunyumba. Kuitanitsa ku Japan ndinakuopa: galimoto iyambe yafika pa doko la Dar es Salaam, idzalowe pa Songwe, kenako msonkho wa MRA umene umatengera msinkhu wa galimoto ndi kukula kwa injini. Kwacha nayo inali itangogwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndinati bola yogula konkuno, yoiona ndi maso.

Dobadoba wina anandipititsa ku Limbe kukaona Mitsubishi Pajero Mini yoyera, yonyezimira ngati mbale yatsopano. "Bigi, iyi ndi nyatwa. Ku Neno imakwera ngati mbuzi," anatero. Tinazungulira nayo pa phula, kuchoka ku Limbe kufika pa Chichiri n'kubwerera. Anakoka kandodo ka 4WD, kagetsi kobiriwira kanayaka. Ine mtima m'malo. Ndinalipira tsiku lomwelo, chifukwa akuti panali munthu wina wa ku Zomba amene amaifunanso.

Usiku wa matenda mvula inali itagwa kuyambira masana. Tisanafike n'komwe pa phula, galimoto inatitimira. Ndinakoka kandodo kaja, kagetsi kanayaka bwinobwino, koma mawilo akumbuyo okha ndiwo ankazungulira n'kumamwaza matope. Akutsogolo anali zii. Akazi anga ali kumpando wakumbuyo anangoti, "Bambo a kunyumba, chitanipo kanthu." Mawu amenewo sindidzawaiwala. Aneba anayi anadzuka ndi makasu, kuika miyala ndi nthambi, n'kutikankha mpaka tinatuluka. Ku Queens tinafika nthawi ilipo, ndipo mwana wathu wamkazi anabadwa m'bandakucha.

Sabata yotsatira ndinapita nayo kwa makaniko wina wachikulire ku Ndirande. Anagona pansi pake, osakwana mphindi imodzi anatuluka akupukusa mutu. "Achimwene, shafiti yopereka mphamvu ku mawilo akutsogolo mulibemo. Anaichotsa kalekale, mwina italira anaona kuti kugula ina n'kodula. Kagetsi kamangokuuzani kuti ndodo yasuntha." Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye inu amene mukusunga ndalama za Suzuki Jimny, Pajero Mini, Daihatsu Terios kapena Pajero iO, imvani zimene ine ndinaphunzira mochedwa.

Galimoto yotere musaiyesere pa phula pokha. Pitani nayo pa msewu wa dothi wokwera, ku Chilomoni kapena ku Bangwe zitunda sizisowa, muike 4H kenako 4L ngati galimotoyo ili nazo, mnzanu aime panja aone ngati mawilo akutsogolo akukoka. Wogulitsa akakana, chokanipo. Mukagula, kumbukirani kuti pa Jimny ndi Pajero Mini 4WD si ya pa phula louma. Mukaisiya choncho mumapha zitsulo zapansi.

Tengani makaniko wanu, osati amene wakupezerani wogulitsa. Muuzeni alowe pansi aone shafiti zonse ziwiri, oyilo wodontha ndi dzimbiri pa chasisi. Galimoto zochokera ku zigawo zozizira za Japan zimadyeka kunsi ndi mchere umene amathira m'misewu nthawi ya chipale, ndipo penti yakuda yatsopano pansi nthawi zina imabisa zimenezo. Fikani m'mawa injini isanalizidwe. Utsi wabuluu ndiye kuti ikudya oyilo, ndipo ngati ili ya turbo konzekerani thumba.

Dziwani kukula kwa injini. Pajero Mini ndi 660cc, Jimny zambiri zochokera ku Japan nazonso ndi 660cc ngakhale ilipo ya 1300cc. Zimakwera phiri, inde, koma mipando ndi inayi ndipo kumbuyo thumba limodzi la chimanga ladzaza kale. Ngati mumapita ku Lilongwe mwezi ndi mwezi ndi banja lonse, kagalimoto aka kakutopetsani, komanso musaganize kuti injini yaing'ono ndiye kuti mafuta imangonunkhiza.

Musanalipire, zungulirani mashopu a masipeya ku Limbe mufunse mitengo. Pajero Mini anasiya kupanga mu 2012, choncho zina mumadikira kuti wina aphwasule yake. Shafiti yangayo ndinaisaka milungu itatu.

Pomaliza, mapepala. Nambala ya chasisi ya pa bulubuku ifanane ndi ya pa galimoto, COF ndi inshuwalansi zikhale zamoyo, ndipo mupite limodzi ndi mwini wake weniweni ku ofesi ya Road Traffic mukasinthe umwini. Akakuuzani kuti pali wina akubwera ndi ndalama madzulo, muuzeni agule. Galimoto sizitha m'tauni muno.

Kagalimoto kaja ndikadali nako, tsopano kakukoka ndi mawilo onse. Mvula yoyamba ikagwa ndimakatsitsira dala pamalo pomwe tinatitimira paja, n'kukoka kandodo. Kagetsi sindikayang'ananso. Ndimatsegula windo n'kusuzumira tayala lakutsogolo.