Chakudya Chimayamba ndi Moni

Chiyambire 1975, pamene likulu la dziko linachoka ku Zomba, mzinda wa Lilongwe uli paŵiri: kumwera kuli Old Town wa msika ndi phokoso, kumpoto kuli City Centre ndi nyumba za mipanda italiitali za ku Area 10 ndi Area 43.

Kumipandako tinaloŵa m'nyumba ina yodyeramo za ku Mexico. Tinali ndi chidwi, pakuti chimanga chathuchi kwawo ndi ku Mexico, kumene anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Koma tinakhala ola lathunthu popanda wotilonjera. Operekera zakudya ankatilambalala, nathamangira kwa alendo akunja. Potsiriza anatibweretsera tortilla, ndiwo mkate wopyapyala wa ufa wa chimanga, wozizira ndi wouma ngati chikopa, pamodzi ndi nyemba zosapsa. Mtengo wake ukadagula ndiwo za mlungu wathunthu.

Tili ndi njala yathu, tinawoloka mlatho wa mtsinje wa Lilongwe kunka kumsika. Mayi wina m'kanyumba kamalata anatipatsa moni, natithirira madzi osamba m'manja, natiikira nsima yotentha ya usipa.

Makolo ndi ana inu, mlendo ndi mame: sakhalitsa, koma mbiri ya pakhomo panu amapita nayo.