Wailesi Yachilendo ndi Soketi ya Kwathu

Ife a kuno ku Limbuli tikhala pakhomo pa dziko. Mtsinje wa Muloza uli pafupi, ndipo kutsidya kwake kuli Milange, m'dziko la Mozambique, kumene kuchokera katundu wambiri wa pa msika wathu. Ana athu okhala ku Johannesburg nawonso atitumizira mawailesi, masipika ndi maampulifaya, kuti m'nyumba za makolo musakhale zii. Zonsezi tizilandira ndi manja awiri. Koma kalipo kanthu kamodzi kotivutitsa mtima, ndiko kapulagi ka kunsonga kwa chingwe, pakuti kawirikawiri mano ake sagwirizana ndi soketi ya pakhoma pathu.

Dziko lililonse lili ndi mwambo wake. Pulagi ya ku Malawi tinaitengera kwa Angerezi, amene anaikhazikitsa kwao m'chaka cha 1947. Ili ndi mano atatu aphanthiphanthi, ndi fyuzi m'mimba mwake. Ya ku Mozambique, monga ya ku Portugal, ili ndi mano awiri obulungira. Yofala ku South Africa ili ndi mano atatu obulungira, aakulu ndithu. Koma mphamvu ya magetsi ifanafana m'maiko atatuwa, ma volt 220 kufikira 230, kotero kuti wailesi ya ku Milange iimba bwino ndi magetsi a ESCOM. Chonyenga anthu ndi chomwecho: pakumva kuti iimba, ayesa kuti zonse zili bwino.

Taonani tsono zimene maso athu apenya m'nyumba zambiri. Soketi yathu ili ndi tizitseko m'kati, timene titseguka pokhapokha dzino lalitali la pamwamba litalowa. Tizitsekoti anatiikira mwana wokwawa, amene afuna kupisa msomali m'bowo lililonse. Munthu wamkulu atola kamtengo, nakankha tizitseko, nalowetsa mano awiri obulungira mokakamiza. Wina adula pulagi, napana mawaya osavala ndi machesi. Mwana ali phee kuonerera, ndipo mawa, amai ali kumunda, adzayesa yekha ndi kiyi kapena waya.

Ndiponso dzino lobulungira siligwira bwino m'malo a dzino laphanthiphanthi. Likhala gwedegwede, ndipo pogwedera magetsi patuluka moto waung'ono. Ndiwo uchititsa kuthetheka kumene timva m'sipika; ndiwonso udetsa soketi ndi kutulutsa fungo la pulasitiki yopserera. Mukamva fungo limenelo, zimitsani msanga.

Chachikulu koposa ndi fyuzi, mlonda wa chingwe. Chozimitsa cha m'bokosi la magetsi chidikira mphamvu yaikulu, yoyenera mawaya onenepa a m'khoma, koma chingwe cha wailesi nchowonda. Chikavulala, fyuzi ya m'pulagi yathu ipsa, nidula magetsi. Mapulagi achilendo aja alibe fyuzi, chotero chingwe chikhoza kutentha mpaka kuyatsa nsalu ya pazenera, mphasa, ngakhale matumba a chimanga cha chaka chonse.

Dzino lalitali lija lili ndi ntchito yachiwiri: likhala njira yotayira m'nthaka magetsi osokera. Ampulifaya ya thupi lachitsulo, ngati chingwe chake chili ndi mawaya atatu, iifuna njira imeneyi. Pulagi yonenepa ya ku Mozambique ili nayo njirayo m'tizitsulo ta m'mbali mwake, timene sitikhudza kanthu m'soketi yathu. Waya akaduka m'kati nakhudza chitsulo, magetsi adzafuna njira ina, ndiyo thupi la iye wogwira, makamaka ali wopanda nsapato pa simenti yachinyontho ya nyengo ya mvula.

Alipo anyamata ena onena kuti pulagi yakunja ikometsa mau a nyimbo, nafuna kuika soketi zachilendo m'nyumba. Iai ndithu. Pulagi ingopereka njira kwa magetsi. Mau akoma chifukwa cha ampulifaya, masipika ndi malo amene mwawaika. Ndipo chenjerani ndi zochokera ku America ndi ku Japan, kumene magetsi ali ma volt 120 ndi 100. Werengani malemba a kumbuyo: ngati palembedwa 100-240V, ndi bwino, ngati 120V pokha, chidzapsa nthawi yomweyo, pakuti adaputa isintha mano okha, siichepetsa mphamvu. Chotere chifuna thiransifoma.

Nanga tichitenji? Tiitane mmisiri wa magetsi, achotse pulagi yachilendo, aike ya kwathu. Waya wofiirira apite ku dzino la fyuzi, wabuluu ku linzake, wobiriwira ndi chikasu ku dzino lalitali. Wailesi ya mawaya awiri okha isiya dzino lalitali lopanda waya, ndipo palibe cholakwa. Chipangizo chosapitirira ma watt 700 chifuna fyuzi ya ma amp 3. Ya 13 ndi ya ayironi ndi ketulo. Ngati mano ali omatidwa ku kabokosi kosatheka kudula, tigule adaputa ya fyuzi, yogwira zolimba. Fyuzi ikapsa tisaikulunge ndi waya, koma tifunse chimene chaipsereza; ndipo mphenzi zikayamba kung'anima ku phiri la Mulanje, tizule pulagi.

Makolo anati safunsa anadya phula. Kufunsa mmisiri sikuchotsa munthu ulemu, ndipo mtengo wa pulagi ndi wochepa poyerekeza ndi nyumba, ndi mwana wogona m'menemo. Madzulo ano, nyimbo zisanayambe, bambo ndi mai ayang'ane limodzi pakhoma pao. Tsalani mu mtendere.